Kujambula kwaya live m'tchalitchi chakale cha pa mishoni: tiyambire pati?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano, makamaka inu a makamera ndi a zokuzira mawu. Ndine mlembi wa kwaya kuno ku Dedza. Vidiyo yathu yoyamba tinakajambulira ku nyanja, tili mu yunifomu tikugwedera pamchenga, nyimbo ikulira pa sipika ife n'kumangotsatira ndi milomo. Inatuluka yokongola ndithu, koma anthu akwathu akaionera amati mawuwa ndi anu, koma si mmene mumaimbira Lamulungu. Ndiye komiti yagwirizana kuti ulendo uno tijambule live, akhristu ali momwemo, m'tchalitchi chathu chakale cha njerwa chimene anamanga agogo athu nthawi ya azungu a mishoni. Oimba tilipo 38, nyimbo ndi 12, pali kiyibodi, gitala, besi, ng'oma ziwiri ndi maseche. Tithandizeni nzeru, tiyambire pati?

Mbewe: Achemwali, apa mwaganiza bwino. Njerwa zakale zija pa kamera zimatuluka mochititsa kaso, palibe holo ya ku tauni ingafanane nazo. Ine ndingabwere ndi makamera atatu. Tijambule usiku, tiike magetsi amitundumitundu m'mbali mwa zipilala, ka utsi pang'ono kumbuyo kwa kwaya, ndiye poyambira diloni izungulire nsanja ya belu dzuwa likulowa. Anthu adzafunsa kuti mwajambulira dziko liti.

Najere: Utsi m'tchalitchi, achimwene?

Mbewe: Si utsi wa moto ayi amayi, ndi wa makina. Umathandiza kuti kuwala kwa magetsi kuzioneka mizere.

A Phiri akatekisiti: Ana anga, musanafike pa utsi ndi diloni, yambani mwagogoda pakhomo loyenera. Tchalitchi si holo yochita lendi. Mpingo wa Katolika uli ndi malangizo ake pa nkhani ya maphwando a nyimbo m'tchalitchi, anatuluka ku Roma m'chaka cha 1987. Pempho limalembedwa nthawi ikadalipo, kudzera kwa bambo mfumu mpaka kwa ambuye episkopi, ndipo mumalembamo tsiku, nthawi ndi mndandanda wa nyimbo pamodzi ndi amene anazipeka. Nyimbozo zikhale za Mulungu. Ukaristia umachotsedwa m'tabernakulo n'kukasungidwa pamalo ena oyenera. Oimba ndi zida zawo saima paguwa. Ndipo chachikulu chimene komiti yanu iyenera kumva lero lomwe ndi ichi: pakhomo salipiritsa. Aliyense alowe mwaulere.

Nachisale: Abambo, apo ndiye mwatidula miyendo. Ife timawerengera matikiti kuti ndiwo alipire a makamera.

A Phiri akatekisiti: Ndikudziwa mwanawe. Koma ndi bwino mumve kwa ine panopa kusiyana n'kukamva kwa bambo mfumu mutasindikiza kale matikiti. Njira zilipo. Pepa sande, makalata kwa ana a parishi amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja, miphakati isonkhe mbatata ya kachewere mugulitse pamsewu. Tchalitchi chimenecho chinamangidwa ndi anthu osenza njerwa pamutu osalandira kanthu, zidzukulu zawo zisabwezedwe pakhomo chifukwa chosowa tikiti.

Make Tadala: Ndikuwerenga ndili kuno ku Johannesburg. Kwathu ndi ku Bembeke. Achemwali Nachisale, mutumize nambala ya msungichuma ku inbox, ya Airtel Money kapena Mpamba, ndiuza anzanga akumudzi amene tili nawo kuno. Koma ndipemphe chimodzi. Belu lilire mu vidiyomo. Ine ndimatha kupeza nyimbo za makwaya zambirimbiri pa YouTube, koma belu la kwathu ndi phokoso la anthu akulowa, mabenchi akulira, amayi akukhazika ana pansi, zimenezo sindizipeza paliponse.

A Ngozo: Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito ku Ntcheu boma. Make Tadala anena chinthu chimene ine ndikanayambira. Achemwali Nachisale, vidiyo ya kwaya ndi mawu. Chithunzi chikakhala chakuda pang'ono munthu amaonerabe mpaka kumapeto, koma mawu akakhala osokonekera sadutsa mphindi imodzi. Ndiye ndalama yanu yoyamba ipite ku mawu, yotsalayo ku makamera. A Mbewe musandikwiyire.

Tsono matchalitchi akalewa anamangidwa kulibe magetsi, kulibe masipika. Anawamanga aatali, denga lili kumwamba, makoma okhuthala, kuti wansembe akalankhula kutsogolo wa kumbuyo amve, ndipo kwaya ikaimba mawu azidzaza nyumba yonse. Mukaomba m'manja kamodzi muli nokha mkatimo mumva mawu akupitirira masekondi awiri kapena atatu asanazime. Kupitirira kumeneko ndiko kumakometsa kwaya. Ku situdiyo timachita kukuika ndi kompyuta, inu muli nako kwaulere. Koma kumeneko komwenso ndiko kumapha nyimbo mukalowetsa masipika akuluakulu. Besi ikagunda, khoma limaibweza, isanazime ina yagunda kale, mapeto ake mumangomva guu guu, mawu a nyimbo osamveka kuti akuti chiyani.

A Banda a kwaya: A Ngozo, ndine amene ndimaphunzitsa kwaya imeneyi. Mukunena kuti tiimbe popanda masipika? Anthu adzadzaza mpaka panja. Komanso anyamata anga a kiyibodi ndi besi sangamvane ndi oimba popanda ma monita, masipika oloza kwa ife eni ake.

A Ngozo: Sindikuti popanda, akulu. Ndikuti ochepa ndiponso otsika. Mkati, masipika ang'onoang'ono awiri kutsogolo, mwina ena awiri pakati, oloza kwa anthu osati ku khoma. Anthu okhala m'mabenchi amameza mawu, khoma limabweza. Aakulu aja muwaike panja, oloza kubwalo, a panja amve bwino. Monita imodzi kwa a zida, ina kwa woyambitsa nyimbo, basi. Kwaya ya anthu 38 imadzimva yokha. Monita iliyonse yoonjezera imalowa m'mamaiki a kwaya, ndipo ikalowa simungaichotsenso pokonza.

Kiyibodi ndi besi zisadutse pa ma ampu awo, zilowe mu mikisa kudzera pa DI box, kabokosi kolumikizira chida ku mikisa. Ng'oma zanu n'zachikopa?

A Banda a kwaya: Zachikopa, za kwathu konkuno. Koma ena amati tibwereke dramu seti kuti zioneke zamakono.

A Ngozo: Musabwereke. Dramu seti m'nyumba ya njerwa imakwirira aliyense, makamaka mbale zake zachitsulo zija. Ng'oma zachikopa nyumbayo imazidziwa kale. Muziike chapambali, pamkeka kapena pamphasa, kutali pang'ono ndi mamaiki a soprano.

Najere: Apa ndivomereze. Ine ndine wa CCAP, kuno ku Lizulu, ndimaimba ku Chigwirizano. Ife ku misonkhano ya ku Mlanda timaimba opanda chida chilichonse, mawu okha ndi mapazi, koma nyumba imachita kunjenjemera. A Banda, pa nyimbo 12 zanuzo siyaniko ziwiri kapena zitatu zopanda kiyibodi. Mudzaona kuti zimenezo ndi zimene anthu azidzatumizirana pa WhatsApp.

A Banda a kwaya: Zilipo ziwiri za nyengo ya Lenti zimene timaimba chomwecho. Ndinali nditazichotsa pamndandanda poganiza kuti n'zozizira.

Najere: Zibwezereni abambo.

Mbewe: Chabwino, za mawu ndagonja, a Ngozo ndi akulu anga pa ntchitoyi. Koma magetsi okha musandilande. M'matchalitchi akale mumakhala mdima ngakhale masana, mazenera ndi aang'ono. Kamera ikasowa kuwala chithunzi chimadzaza timadontho, nkhope za anthu sizioneka.

A Phiri akatekisiti: Magetsi owalitsa nkhope palibe angakane. Chimene ndikukana ndi ofiira ndi obiriwira ophethiraphethira, ndi utsi uja. Mukapita ku Bembeke mukaone zithunzi zojambulidwa pamakoma a cathedral, kapena ku Mua mukaone zosema za ku Kungoni, mudzamvetsa kuti makoma a nyumba zimenezi ndi chuma. Mua anaiyamba ansembe a White Fathers mu 1902, Bembeke iwo omwewo mu 1910, Nzama ku Ntcheu a Montfort mu 1901. A mishoni ya Dutch Reformed anali ku Mlanda mu 1902, ku Mphunzi mu 1903. Zonsezi zadutsa zaka 100. Pulasitala wake ndi wa dothi ndi laimu, si simenti ya lero. Mukakhoma msomali umodzi chimagwa chibuma chonse. Mukamata tepi n'kumatula imachoka ndi utoto. Ndinaona ndi maso anga pa ukwati wina, anyamata okongoletsa anamata nsalu kuzungulira chithunzi cha Njira ya Mtanda, pochotsa nkhope ya Simoni wa ku Kirene inatsala pa tepi. Mpaka lero pali chigamba choyera pamenepo, ndipo amene anajambula chithunzicho anamwalira kalekale.

Mbewe: Zimenezo n'zomvetsa chisoni abambo. Ine sindikhoma kanthu, magetsi anga ali ndi miyendo yawoyawo. Ndi a LED, satentha ngati a halojeni akale aja. Utsi ndausiya. Ndiika oyera ofunda okhaokha, ofanana ndi mtundu wa njerwa.

A Ngozo: Ndipo miyendoyo muimange ndi matumba a mchenga. Ana a gulu la mpingo la Tilitonse akayamba kuvina sayang'ana pansi.

Nambewe: Ine ndimaimba alto m'kwaya yomweyi. Funso langa ndi la usiku. Ambiri a ife timachokera kutali, ena amawoloka dambo, ena ali ndi ana oyamwa. Komanso mwezi wa June kapena July kuno usiku simungaimbe, mano amachita kugundana. Mawu a soprano amauma.

Mbewe: Dedza ndi Dedza, mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere si masewera. Koma vuto la masana ndi lakuti dzuwa limayenda. Nyimbo yoyamba kuwala kukulowera zenera la uku, yachisanu ndi chimodzi kwasamukira uko, mtambo ukadutsa chithunzi chada. Polumikiza zimaoneka.

Nachisale: Nanga titayamba cha m'ma 2 koloko masana n'kumaliza 4 koloko?

Mbewe: Zitheka ngati magetsi anga ali amphamvu kuposa kuwala kwa pazenera. Ndiyenera kubwera tsiku lina nthawi yomweyo ndidzaone kumene dzuwa limagwera. Likamagwera kumbuyo kwa kwaya nkhope zidzada, ndiye tidzaimika kwaya mopendeka pang'ono.

A Ngozo: Denga ndi la chiyani achemwali?

Nachisale: Kale linali la matailosi, anasintha n'kuika malata. Siling'i mulibe, mitanda imaoneka.

A Ngozo: Ndiye nyengo ya mvula iwalani. Mvula ikagwa pa malata opanda siling'i palibe maiki ingakupulumutseni. Kuyambira November mpaka April ayi. June ndi July kuzizira ndi nkhungu. August kuli mphepo, malata amalira, zitseko zimamenyetseka. Ine ndikanasankha kumapeto kwa September kapena kumayambiriro kwa October. Kumtunda kwanuko kumakhala kofunda bwino, si ngati kumunsi kwa Mua ndi Mtakataka kumene October amawotcha mpaka makamera kuzima okha.

Mukayang'anenso kudenga ngati kuli mileme ndi anamzeze. Anamzeze amalira masana, ndipo maiki ya condenser, yomva ngakhale timawu tapatali, imatola zonse.

Nambewe: Aliko ambiri, zisa zili pamwamba pa khomo lalikulu.

Make Tadala: Asiyeni anamzezewo chonde. Ndi a m'tchalitchi momwemo, takula tikupemphera nawo.

A Ngozo: Sitiwathamangitsa mayi, tingotalikitsa mamaiki ndi khomo.

Mwale wa magetsi: Ine ndilankhulepo za mphamvu, poti ndi ntchito yanga. Choyamba, musadalire masoketi a m'tchalitchi chakale. Mawaya ake ambiri anaikidwa kuti aziyatsa mababu ochepa ndi ampu imodzi ya Lamulungu. Ena alibe ngakhale waya wa earth. Mukalumikiza zonse pa soketi imodzi waya amatentha mkati mwa khoma kapena pamtanda wouma wa zaka 100, ndipo simudziwa mpaka mutamva fungo. Chachiwiri, magetsi atha kuzima pakati pa nyimbo. Ndiye ine ndimati jambulani pa jenereta kuyambira pachiyambi, osati kuidikiritsa kuti magetsi akazima ndiye tiilize.

Tiwerengere limodzi. Magetsi a LED asanu ndi atatu a mawati 100 ndi mawati 800. Masipika onse, mkati ndi panja, tiyerekeze mawati 2,000. Mikisa, kiyibodi, laputopu ndi matchaja, 500. Zonse pamodzi ndi 3,300. Jenereta ya 5 kVA ikwana, yotsika kuposa apo idzakhala ikubuula. Ikhale mamita 40 kapena 50 kuchokera pa tchalitchi, kuseri kwa nyumba ina kuti khoma litchinge phokoso, chingwe chake chokhuthala cha 2.5 kapena 4 mm, ndipo muchitambasule chonse, chikakhala chokulungidwa chimatentha. Mafuta muthire odzaza musanayambe, osathira ikulira. Mikisa ndi laputopu zidutse pa UPS, kabokosi ka batire kogwirizira mphamvu magetsi akadukiza.

A Ngozo: Ndionjezere: zamawu zonse pa mzere umodzi, magetsi a a Mbewe pa mzere wina. Mukazisakaniza mumamva kulira kwa nnnn m'masipika, ndipo kumalowa mu zojambulazo.

Mwale wa magetsi: Eya. Ndipo pakhale chozimira moto pafupi ndi sakristiya, zitseko zonse zikhale zotsekula, zingwe zisadutse pakhomo. Nyumba zakalezi zitseko zake zambiri zimatsekukira mkati, anthu akadzidzimuka amapanikizana.

Nachisale: Ndikulemba zonse m'kope. A Ngozo, mamaiki angati? Ife tili nawo anayi a m'manja.

A Ngozo: Anayiwo asungireni oyambitsa nyimbo ndi wolengeza. Kwaya siijambulidwa ndi maiki ya m'manja, chifukwa imatola munthu mmodzi amene ali pafupi, ndiye mumamva mayi mmodzi wa mawu akuthwa m'malo mwa soprano yonse. Pamafunika ma condenser anayi pa miyendo italiitali, imodzi pa gulu lililonse la mawu, yokwera pang'ono kupitirira mitu ya a mzere wakutsogolo, mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pa iwo, yoloza ku mzere wakumbuyo. Kenaka ena awiri, ndipo awa ndi amene anthu ambiri amaiwala, oloza kwa akhristu. Amenewa ndiwo amatola nthungululu, m'manja, mpingo ukulandira kolasi, ndi kupitirira kwa mawu kuja. Popanda awiriwa vidiyo yanu idzamveka ngati ya ku nyanja ija ngakhale mwaimba live.

Mikisa ikhale ya digito yotha kujambula tchanelo chilichonse, kutanthauza maiki kapena chida chilichonse, pachokha. Behringer X32 imatumiza matchanelo 32 ku laputopu pa chingwe chimodzi cha USB, ndipo ku Lilongwe obwereketsa alipo. Ubwino wake ndi wakuti tenala ikachepa mumaikweza pambuyo pake osakhudza ena. Mukangojambula zotuluka mu mikisa zosakaniza kale, zimene zalakwika zalakwika. Muike pa 48 kHz, 24 bit, osati 44.1, kuti zigwirizane ndi makamera. Pambali pakhale ka rekoda ka mabatire ngati Zoom H6 kakujambula pakokha, laputopu ikaima musalire.

A Banda a kwaya: Nanga wina akaphonya, kapena tayamba nyimbo pamwamba kwambiri? Ku situdiyo timabwereza mpaka zitakhala.

A Ngozo: Mubwereze pomwepo. Muwauze anthu poyamba kuti tikujambula, nyimbo ina tikhoza kuiimba kawiri. Palibe amadandaula, kachiwiriko amaimba nawo mwamphamvu kuposa poyamba. Komanso dzulo lake muchite pulakatisi yonse mutavala yunifomu, zida zonse zili m'malo, ife tikujambula. Zimenezo zimakhala nkhokwe yathu.

Chimene ndikukupemphani a Banda ndi chakuti mukatha musapite ku situdiyo kukaimbanso mawu onse n'kuwaika pamwamba. Ambiri amatero, n'kulemba kuti live. Kukonza mzere umodzi wa woyambitsa palibe vuto. Koma mukachotsa kwaya yonse mwachotsa nyumbayo, ndiye munavutikiranji kupempha chilolezo kwa ambuye?

A Banda a kwaya: Mawu amenewo ndi olemera. Mantha anga ndi akuti makwaya anzathu adzamva pamene tapuma molakwika.

Najere: Adzamvanso pamene mpingo wonse walandira nyimbo osauzidwa, abambo. Zimenezo ku situdiyo kulibe.

Mbewe: Kumbali yanga, kuti a Ngozo asavutike polumikiza. Makamera onse pa mafulemu, kutanthauza zithunzi, 25 pa sekondi, shata, chotsekula ndi kutseka diso la kamera, pa 1/50, chifukwa magetsi athu kuno ndi a 50 Hz. Ukaika pa 30 ngati mmene mafoni ambiri amabwerera, mababu ena amaoneka akuphethira ndipo mizere imayenda pachithunzi. White balance, mmene kamera imaonera mitundu, tiika pamanja, yofanana pa onse atatu, tikaisiya pa auto yunifomu imodzi idzaoneka mitundu itatu. Kamera yoyamba kumbuyo pakati, pa tripod, yotenga kwaya yonse ndi guwa, imeneyo siyenda ndipo siizima. Yachiwiri chapambali kutsogolo, ya nkhope za oimba ndi manja a a Banda. Yachitatu ndigwira ndekha, ya ng'oma, ana a Tilitonse ndi akhristu.

Makamera ena akale amadula okha pakatha mphindi 29 ndi masekondi 59, ndiye tizidula tokha nyimbo ikatha ina isanayambe, osati onse nthawi imodzi. Ndipo tikayatsa, munthu mmodzi aime kutsogolo aombe m'manja kamodzi, makamera onse akumuona. Pamenepo ndi pamene timalumikizira mawu ndi chithunzi.

A Ngozo: Kuombako aombere pafupi ndi mamaiki a kwaya. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Kamera ya kumbuyo ikakhala mamita 30, mawu amaifika mochedwa ndi mafulemu awiri, ndiye mukalumikiza potsatira maiki ya pa kamerayo milomo idzatsogola. Mulumikize poona manja akukumana, osati pomva.

Mbewe: Za mamemori khadi, komiti idziwe. 4K pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola, kamera imodzi. Atatu kwa maola awiri ndi 270 GB, kuphatikiza pulakatisi ya dzulo lake ndi kawiri kake. Pafunika hard drive ziwiri, imodzi isungidwe ndi ine, ina ndi kwaya, ndipo tikopere usiku womwewo tisanagone.

Nachisale: Ya kwayayo ikhale ndi zonse, ngakhale zosakonza?

A Ngozo: Zonse, ndipo mulembe m'pangano. Makwaya ambiri amalandira vidiyo yomaliza yokha, patapita zaka akafuna kukonzanso amapeza kuti wojambula anafufuta kalekale. Mulembenso tsiku lolandira ntchito, ndi kuti ndalama yomaliza iperekedwa ntchito ikaperekedwa.

Mbewe: Ine pangano lolemba ndimalikonda, limatetezanso ife. Ndiye diloni ija, abambo Phiri?

A Phiri akatekisiti: Panja, m'mawa anthu asanabwere, bambo mfumu atavomera. Ndipo musaiulutse pamwamba pa manda a kuseri kwa tchalitchi musanalankhule ndi amfumu a mudzi. Mkati ayi.

Mwale wa magetsi: Diloni ilinso ndi malamulo ake ku boma, a zoulukaulukawa amafuna chilolezo. A Mbewe mukhale nacho m'thumba.

Mbewe: Ndimabwereka kwa mnzanga amene ali ndi mapepala, amabwera kudzaulutsa yekha.

Nambewe: Pali china chimene palibe watchula. Kufupa. Nyimbo ikakoma amayi amanyamuka ndi ndalama m'manja kubwera kutsogolo, ena kudzakupukuta thukuta ndi chitenje. Adzadutsa pa kamera, adzagunda miyendo ya mamaiki. Komanso mafoni. Aliyense adzaimika foni m'mwamba, ena live pa Facebook, vidiyo yathu isanatuluke nyimbo zonse zili kale ponseponse ndi mawu oipa.

Najere: Kufupa musaletse. Mukaletsa anthu adzakhala ngati ali pa mayeso, nkhope zouma, ndiye a Mbewe adzajambula chiyani? Ikani lichero kapena dengu pakati pa kanjira, patali ndi mamaiki, akulu awiri aime pamenepo. Wofupa afike pa dengu, avine, abwerere.

A Phiri akatekisiti: Chopereka chaufulu sichiletsedwa, chimene chikuletsedwa ndi kulipiritsa pakhomo. Dengu limenelo likhoza kukuthandizani pa ngongole ya a makamera. Koma muwauze bambo mfumu poyamba, ndipo gawo lina litsale ku parishi, likonze zenera limodzi kapena awiri. Inu mudzapita ndi vidiyo, nyumbayo itsale ndi kanthu.

Mbewe: Ine mayi wonyamuka kukafupa ndimamufuna pa chithunzi. Amene sindimufuna ndi mnyamata woima pakati pa kanjira ndi foni. Wolengeza anene poyamba kuti mafoni akhale m'thumba ndipo azimitsidwe kulira, ndipo pamapeto tidzaimba nyimbo imodzi yoti aliyense ajambule mmene angafunire. Anthu ukawapatsa nthawi yawo amamvera.

A Ngozo: A zida ndi oimba mafoni azimitsiretu, kapena pa flight mode. Foni ikakhala pafupi ndi chingwe cha maiki imalowetsa kulira kwake ngakhale ili pa silent.

Make Tadala: Nanga ana olira? Musawatulutse amayi a ana chonde.

A Ngozo: Akhale cha kukhomo, mbali imene kulibe maiki, kuti mwana akavuta atuluke mosavuta n'kubweranso. Kulira kumodzi patali sikuononga nyimbo.

A Banda a kwaya: Funso lomaliza kwa ine. Pa nyimbo 12, zisanu ndi ziwiri ndinapeka ndine, ziwiri anapeka mnzathu amene anatisiya, zitatu ndi za m'buku ndi za makwaya ena zimene timangoimba. Pamenepa pali vuto?

A Ngozo: Kuimba pa Misa ndi nkhani ina, kujambula n'kuika pa YouTube kapena kugulitsa pa flash ndi nkhani inanso. Za makwaya ena mupemphe kwa eni ake, molemba. Za malemuyo mukhale pansi ndi banja lake, dzina lake lilembedwe pa vidiyo. Zanuzo kalembetseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, zisanatuluke, kuti zikamaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema zidziwike mwini wake. Lamulo la zokopera limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Iwo omwewo akuuzani za nyimbo za m'buku.

Nachisale: Mkazi wa malemuyo amaimba nafe soprano mpaka lero.

Najere: Ndiye nyimbo ziwirizo ayambitse ndi iyeyo, ngati mtima wake ungalole.

A Banda a kwaya: Ndikamufunsa ndekha, osati pagulu.

A Phiri akatekisiti: Ana a Tilitonse nawonso makolo awo adziwe kuti nkhope zawo zikaoneka pa intaneti. Ndipo agogo amene anaona tchalitchicho chikadali cha matailosi alipo ochepa. A Mbewe, mukabwera kudzaona dzuwa lanulo, mutenge kamera, mukhale nawo pakhonde mphindi khumi aliyense. Afunseni kumene ankaumba njerwa, amene ankaliza belu, nyimbo zimene ankaimba Chilatini chisanachoke. Muike timawu tawo pakati pa nyimbo ndi nyimbo.

Mbewe: Zimenezo ndichita popanda kuonjezera mtengo abambo.

Nachisale: Zikomo nonse. Kalata ya kwa bambo mfumu ndilemba usiku uno, a Phiri ndikutumizirani muione isanapite. A Ngozo ndi a Mbewe, Loweruka likubwerali tili ndi pulakatisi 2 koloko, mungafike?

A Ngozo: Ndifika, ndikwera ya m'mawa pa Ntcheu. Ndibwera ndi ka rekoda ndi mamaiki awiri okha. Muimbe nyimbo imodzi ndi zida, imodzi popanda, ndijambule ndili malo atatu osiyana, kenaka timvere limodzi pa mahedifoni. Malo oimika kwaya tisankha titamva. A Mwale, mungapezeke kuti muone masoketi ndi poika jenereta?

Mwale wa magetsi: Ndidzakhala ku Golomoti m'mawa, ndikwera Khwekhwerere masana. Wina andidikire ndi makiyi a sakristiya, bokosi la mafyuzi limakhala kumeneko.

Nambewe: Makiyi amasunga agulupa, ndiwauza mawa ku mphakati.